Chitini Chabwera Chopanda Kalata

4 Malichi

Amayi, ndi iwe make mapasa,

Moni nonse. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene wayamba kundilamulira ngati ndiwo umandilipira. Kaya inu kumeneko, kaya maondo a amayi, kaya mapasa aja akadali kuthyola zinthu.

Chitini chathu ndapereka kwa a dalaivala a lole monga mwa nthawi zonse. Muli shuga, sopo awiri ndi kalata ino. Pobwerera muikemo tiyi wanga uja wa masamba a mandimu, chifukwa wa m'sitolo ndikamwa ndimangomva madzi otentha. Foni anandibera m'minibasi mwezi watha ndipo sindinagule ina. Wondiimbira ndani? Kwanuko netiweki mpaka mukwere phiri la kusukulu, ndipo amayi amati mawu a pafoni sungawaike pansi pa pilo.

Ntchito ndi yomwe ija. Ndimakwera makwerero 64 kukalowa m'kachipinda ka kireni, chimashini chonyamula zitsulo chija, n'kukhalamo ndekha maola asanu ndi anayi. Anzanga amanditcha Wam'mwamba. Ndikayang'ana pansi ndimaona zipewa zokhazokha. Wocheza naye ndi mmodzi, amene amaima pansi n'kumandipatsa zizindikiro ndi manja, timamutcha Mluzu. Dzanja lake lamanja lili ndi zala ziwiri. Zitatu zinatsala pansi pa chitsulo zaka zinayi zapitazo, tsiku limene ine ndinali patchuthi ndipo m'kireni munakwera munthu amene anali atasuta chamba kuseri kwa zimbudzi. Panopa dzanja limenelo ndimaliwerenga ndine ndekha.

Mwina mwamva pawailesi kuti kunyumba ya malamulo akukangana zoti chamba chiloledwe kwa munthu aliyense wamkulu. Kuno nkhaniyo yafika mpaka m'kantini. Abwana anaitanitsa msonkhano, akuti chiloledwe kapena chisaloledwe, iwo ayamba kutiyeza mkodzo. Wa bungwe la antchito anakana. Akuti kuyezako sikunena ngati munthu waledzera lero, kumangogwira zimene anachita kunyumba kwake milungu iwiri yapitayo, pamene wobwera ndi matsire a mowa palibe amamufunsa. Anthu anamuombera m'manja. Ndiye ine, amene pagulu sinditsegula pakamwa, ndinaimirira n'kunena kuti, "Kafunseni dzanja la Mluzu." Kuyambira tsiku limenelo ena sandipatsa moni, akuti ndine kazitape wa abwana. Masana ndimadya ndi Mluzu basi.

Make mapasa, a dalaivala akuti wapeza ntchito kumunda wa kampani ina. Osandiuza bwanji? Ndi munda wa chiyani? Mundilembere, ngakhale ikhale nkhani ya nkhuku. M'chipinda muno mumakhala chete moti ndikatsokomola ndimadzipepesa ndekha.

Ine mwana wanu, mlongo wako.

15 Malichi

Achimwene,

Moni wanu talandira pamodzi ndi shuga. Tonse tili bwino. Mapasa aswa kapu ina, amayi akuti atengera inu.

Kalata ino ikubwera papositi, osati m'chitini, ndipo muwerenge mpaka pansi musanayambe kukwiya. Munda mumafunsa uja ndi wa chamba. Eya, chamba, musagwe pampando. Ndi wa kampani yokhala ndi chiphaso cha boma, amalima chopangira mankhwala. Kuli mpanda wa waya, alonda ndi makamera. Timavala magolovesi ndi tizipewa ngati anamwino, ndipo ntchito yanga ndi kudula timasamba ndi sizasi kuti patsale maluwa okha. Potuluka amatisecha mpaka m'nsapato. Sindinakuuzeni chifukwa ndimakudziwani. Koma chichokereni bambo a mapasa, aka n'koyamba kuti mwezi uthe ine n'kulandira changachanga. Kuno abusa akuti tikulima tchimo, a kugolosale akuti tikulima chitukuko, koma onse awiri adzukulu awo ndimakumana nawo pageti m'mawa.

Tsopano za chitini. Amayi atamva za msana wanu mtima sunakhale m'malo. Mayi wina wa kutchalitchi anawauza kuti masamba amenewa ukawanyika m'mafuta ofunda n'kumapaka, nyamakazi imathawa. Ndiye anandikakamira masiku atatu. Ndinawauza kuti chololedwa ndi cha kampani, osati cha ife. Iwo akuti, "Wailesi yanena kuti aloleza, iwe ndiwe ndani?" Mapeto ake ndinatola zogwera pansi zimene timasesa, n'kubisa m'mfundo ya mpango wakumutu. Akanandigwira bwenzi ntchito itatha, apolisi pamwamba. Amayi anazisinja pamodzi ndi masamba a mandimu kuti fungo lisamveke parodibuloko, n'kudzaza m'chitini. Kalata ndaopa kuikamo, kuopa wina angatsegule n'kuwerenga. A dalaivala sakudziwa kanthu.

Ndiye mumvetse bwino: zimene zili m'chitinizo si tiyi. Musamwe. Mufunditse mafuta ophikira, muthiremo masupuni awiri, zigone masiku atatu, muzipaka pamsana. Ngati mtima wanu sukufuna mukataye m'chimbudzi, amayi tidzawauza kuti munapaka.

Amayi akuti ndilembe chonchi: "Mwana wanga, kumeneko ulibe wokusisita msana. Ichi n'chimene ndingathe ndili kuno."

Ine mlongo wanu.

24 Malichi

Amayi, ndi iwe make mapasa,

Moni nonse. Chitini chinafika sabata yatha. Ndinatsegula ndili chiimire, ndinapisa dzanja mpaka pansi, kenako ndinakhuthulira zonse panyuzipepala kufunafuna kalata. Munalibe. Zaka khumi ndi chimodzi chitini chimenechi chakhala chikuyenda ndipo sichinabwerepo chopanda kalata. Ndinafunsa a dalaivala, akuti anapatsidwa chomwecho. Sindibisa, ndinakhumudwa. Kodi ndinalakwa pofunsa za ntchito ija? Kapena kunyumba kwachitika kanthu mukundibisira?

Koma tiyi, amayi, ulendo uno mwaposa. Wasiyana ndi wa kale, akuwawirako pang'ono kukhosi, koma ndikamuwiritsa ndi mkaka amapita bwino. Ndikaweruka ndimamwa makapu awiri. Msana wayamba kundimvera, ndikugona mpaka wotchi kulira, ndipo ndikudya ngati ndachokera kolima. Dzulo ndinangopezeka ndikuseka ndekha poonera mphaka wa eni nyumba akulimbana ndi chingwe choyanikira zovala. Sindikukumbuka kuti ndinasekapo liti m'chipinda muno. Mluzu anapemphako, ndamumana, ndati cha amayi sichigawidwa.

Kuyeza kuja kuyamba pa 2 Epulo. Atafunsa woti ayambe, ndinakweza dzanja ndine. Dzina langa lili pamwamba papepala limene amata pakhomo la kantini, ndipo wina walemba pambali pake ndi bolopeni kuti "abusa". Alembe. Ine ndi ndudu yomwe sindinaigwirepo. Wa bungwe uja anandipeza pampopi ndikusamba m'manja, akuti, "Wam'mwamba, kabotolo kaja sikadziwa munthu, kamangodziwa mkodzo." Ndinamuyankha kuti ine kabotolo sindikaopa.

Chitini chikhala kaye kuno mpaka tiyi atatha. Kalata ino ndawapatsa a dalaivala pamanja. Chonde ndiyankheni, ngakhale mizere itatu.

Ine wanu.

30 Malichi

Achimwene,

Kalata yanu yafika lero. Lekani kumwa. Si tiyi, muli chamba. Ndinakulemberani papositi pa 15, kodi sinafike?

Ndakwera phiri kawiri kuimbira kuofesi ya kuntchito kwanu. Koyamba sanayankhe. Kachiwiri mayi wina anati uthengawo ndisiye kwa iye. Ndikanasiya uthenga woti chiyani? Ndinangodula. A dalaivala akuti anyamuka pa 3, ndawapempha mpaka kugwada kuti afulumire, akuti lole si yawo. Ndikudziwa kuti kalata ino ifika zitachitika kale, koma ndikulembabe, chifukwa ndikangokhala ndipenga.

Amayi ndawawerengera zoti mukugona bwino ndi zoseka mphaka zija. Anasangalala kwambiri, akuti, "Sindinanene ine?" Pa zakumwa ndi zoyeza ndinadumpha.

Ndikhululukireni.

Ine mlongo wanu.

7 Epulo

Make mapasa,

Iyi ndi yako wekha, amayi usawawerengere.

Makalata ako onse awiri ndawalandira tsiku limodzi, pa 4. Ya papositi inagona milungu iwiri m'bokosi la eni nyumba, amene anapita kumaliro kwawo kiyi ali m'thumba.

Pa 2 ndinalowa woyamba, nditavala malaya ochapa. Namwino anandipatsa kabotolo, ine n'kumuseka kuti wachepetsa. Anaviika kapepala, anayang'ana, anaviikanso kena. Kenako anafunsa dzina langa kachiwiri. Ndinati zipangizo zanu n'zowonongeka, ndinachita kukuwa, ine amene. Anandilanda kiyi wa kireni ndi chipewa pamaso pa mzere wonse. Palibe anaseka, ndipo mwina akanaseka zikanapepukako. Masiku awiri ndinakhala ndikuganiza kuti wina anandithirira kanthu m'chakudya kukantini chifukwa cha zimene ndinanena pamsonkhano. Ndinawatchula adani anga mmodzimmodzi mumtima. Za chitini sindinaganizeko n'komwe.

Ndakwiya nawe, mlongo wanga, ndipo sindikudziwa kuti mkwiyowu ndiuike pati. Unawerenga za dzanja la Mluzu, maganizo anga unawadziwa, n'kuika zimenezo m'chitini cha tiyi. Milungu iwiri ndakhala ndikudutsitsa zitsulo pamwamba pa mitu ya anthu nditamwa zimenezo dzulo lake. Mutu wanga unali bwinobwino, ndikhoza kulumbira. Koma amene anadula zala za Mluzu nayenso ankalumbira chomwecho.

Andiimitsa kaye ntchito, nkhani ikambidwa pa 17. Wondiimira ndi wa bungwe yemwe uja ndinamuchititsa manyazi pamsonkhano. Sanandinyoze ngakhale pang'ono. Akuti malamulo a kampani ali ndi khomo limodzi lotulukira: ngati munthu anamwa mosadziwa, abweretse umboni, anene kumene zinachokera, ndipo iwo amakafufuza. Ndinamuonetsa envelopu yokha ya kalata yako yondichenjeza ija, ya chidindo cha pa 15. Akuti kalata imeneyo ikhoza kundipulumutsa. Sindinamulole kuiwerenga. Mmenemo muli mpango wako, muli mpanda wa kampani yako, muli mtondo wa amayi.

Mwayi wokha ndi woti Mluzu ndinamumana. Wabwera kawiri kudzagogoda, ine ndinangokhala phee pabedi mpaka atapita.

Ine mlongo wako.

12 Epulo

Achimwene,

Kalipani, ndikuyenera. Koma nanunso mumve. Zaka zitatu simunaponde pakhomo pano. Amayi amakuonerani m'chitini basi. Mukalemba mzere umodzi woti msana ukuwawa, iwo amadzuka nawo, amaswera nawo, ndipo womva kudandaula kwawo ndine. Ine ndinakana masiku atatu. Inu mukanakana angati?

Tsopano kalata ija muipereke. Ndaganiza mokwanira. Ntchito yanga ndi ya miyezi iwiri, yanu ndi ya zaka khumi ndi chimodzi. Akandichotsa ndibwerera kumsika kokagulitsa tomato, benchi langa silinawole. Za apolisi ndikuopa, sindinama. Mayi wina anagwidwa ndi kanthambi m'sokosi mwezi watha, anagona m'chitokosi masiku anayi ndipo mlandu wake sunathe mpaka pano. Mapasa angatsale ndi amayi, maondo omwewo. Koma munthu amene sanagwirepo ndudu asatchedwe wachamba chifukwa cha ine. Pamene pakunena za amayi mudetsepo ndi inki, munene kuti ndinasinja ndine.

Chimene chikundizunguza mutu ndi ichi. Tsiku lililonse ndimadula zinthu zimenezi mabeseni asanu. Zimakwera ndege kukachiza anthu a kunja, abwana athu amajambulitsa nazo m'nyuzipepala akumwetulira. Zodzaza dzanja limodzi zopita kwa mlongo wanga ndizo zikutimiza tonse. A kunyumba ya malamulo akadakanganabe pawailesi, wina akuti ana apenga, wina akuti dziko lilemera. Palibe amene akunena za munthu ngati inu.

Amayi anafunsa chifukwa chimene a dalaivala abweretsera kalata ine osawawerengera. Ndinati ndi ya kuntchito kwanga. Anangoti, "Oo."

Muipereke, achimwene. Musandimvere chisoni.

Ine mlongo wanu.

20 Epulo

Pepala loyamba, la amayi.

Amayi, moni. Mankhwala anu anagwira ntchito, msana uli bwino. Kuntchito andipatsa tchuthi chachitali, ndipumeko makwerero aja. Chitini ndabweza, muli shuga ndi sopo mmodzi. Musadandaule za ine. Muwapatse moni mapasa.

Pepala lachiwiri, lako wekha.

Make mapasa, kalata yako inafika pa 16 ndipo ndinaiwerenga katatu. Zikomo. Koma sindinachite zimene unanena.

Anatikhazika m'chipinda cha misonkhano: abwana awiri, namwino, wa bungwe ndi ine. Mluzu anabwera yekha osaitanidwa kuti adzandichitire umboni. Anaimirira, anakweza dzanja lake lija, anati, "Bwana, zaka zinayi ndakhala ndikuima pansi pa zitsulo za munthu uyu osachita mantha. Sasuta. Zipangizo zanu zanama." Kalata yako ya pa 15 Malichi ija inali m'thumba la malaya, ndinkaimva pachifuwa.

Abwana aakulu anandiyang'ana. "Wam'mwamba, uli ndi chonena? Zinalowa bwanji m'thupi mwako?"

M'maso mwanga munabwera mapasa ataima pageti la polisi, amayi ali pambali atatsamira ndodo. Ndikanati sindikudziwa, akanayamba kufunsa zimene ndimadya ndi kumwa, akanafika pachitini, kenako kwa a dalaivala, kenako kwanu. Ndiye ndinati, "Ndinasuta, bwana. Msana unkawawa."

Wa bungwe anatsinzina. Mluzu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowetsa dzanja lija m'thumba n'kutuluka. Zonse zinatha m'mphindi khumi.

Pageti, ena mwa aja sankandipatsa moni anandigwira chanza, akuti, "Bwenzi utatiuza kale kuti ndiwe mnzathu." Zimenezo zinandipweteka kuposa kalata yondichotsa ntchito. Dzulo ndinadutsa kunja kwa mpanda. M'kireni mwakwera wina. Ndinaima n'kumaonera Mluzu akupereka zizindikiro, watsopanoyo osamva, chifukwa dzanja la zala ziwiri limafuna kulizolowera. Chitsulo chinkangozungulira m'mwamba. Ndinafuna kukuwa kuti akutanthauza tsitsa pang'ono, koma ndinakumbukira kuti ndili kunja. Ndinachokapo.

Kalata yako ndaiwotcha, zotsala za m'chitini ndataya m'chimbudzi. Usasiye ntchito, ukaisiya ndiye kuti ndanamira pachabe. Ine ndifuna ina, ngakhale ndikudziwa kuti kireni sadzandipatsanso kulikonse. Kunyumba sindibwera msanga, nkhope yobwera nayo ndilibe. Mkwiyo uja watha, chatsala ndi kusungulumwa basi. Amayi asadziwe.

Ine mlongo wako.

2 Meyi

Mwana wanga,

Wondilembera lero si mlongo wako, ndi aphunzitsi opuma aja a kuseri kwa tchalitchi. Ndawauza kuti alembe mmene ndikunenera, asakonze, ndipo alonjeza kuti nkhaniyi ithera m'nyumba mwawo.

Zilembo sindizidziwa, koma maso ndili nawo. M'chitini munatuluka mapepala awiri. Mlongo wako anandiwerengera lalifupi, lalitali anapinda n'kubisa. Komanso zaka zonsezi iwe sunanditumizirepo sopo mmodzi yekha, amakhala awiri. Atapita kuntchito ndinalipeza pansi pa matiresi, ndinatenga ndodo yanga mpaka kwa aphunzitsi. Anawerenga, anaima pakati. Ndinati pitirizani, ndine mwini wake.

Ndiye ndamva zonse. Ndinasinja ndine, ndi manja anga, ndikuimba nyimbo. Mlongo wako anakana, ine ndinati wailesi yaloleza. Sindinamuuze kuti ndadziwa. Amabwera madzulo, amaseka mokweza kuti ndisaone kanthu, nanenso ndimaseka kuti asaone kanthu. Mtima wanga ukuwawa kuposa maondo.

Ndinafuna kukwera lole kuti ndidzawauze abwana ako ndekha. Aphunzitsi akuti ndikatero ntchito yako sibwerera, ndipo ndigwetsa mwana wachiwiri pamwamba pa woyamba. Ndakhala pansi. Koma mnzako wa zala ziwiri uja, amene anaimirira chifukwa cha iwe, ameneyo si bwana ndipo si wapolisi. Pepala lachiwiri m'envelopu muno ndi lake. Ndamuuza kuti mwana wanga sasuta, ananama pofuna kubisa nkhalamba yopusa ndi mlongo wake. Pansi pake ndadindapo chala changa. Kumupatsa kapena kusamupatsa zili ndi iwe. Koma usakhale m'tauni yonseyo popanda munthu ngakhale mmodzi wodziwa kuti ndiwe ndani.

Chitini ndachitsuka katatu ndi phulusa. Ndinathyola masamba a mandimu, ndinayanika, koma pofuna kuthiramo dzanja linakana. Sindichitumiza. Chili pawindo chopanda kanthu. Ukafuna tiyi wako ubwere udzathyole wekha, uone ndi maso ako zimene zikulowamo. Nkhope imene uli nayoyo ubwere nayo yomweyo, ndinaibereka ndine.

Msana ndidzakusisita ndi manja.

Ine mayi ako.